Khartoum inali yotetezeka kwa yani?

Pa 14 Novembala 2007, oweruza asanu a House of Lords, lomwe panthawiyo linali khothi lalikulu kuposa onse ku Britain, anagamula mlandu wa amuna atatu ochokera ku Darfur, chigawo cha kumadzulo kwa Sudan. M'chigamulomo amunawa akutchulidwa ndi zilembo zokha: AH, IG ndi NM. Awiri mwa iwo anali alimi wamba, olima chakudya cha pakhomo. Onse atatu anafika ku Britain chakumapeto kwa 2004 n'kupempha chitetezo ngati othawa kwawo. Panalibe mkangano pa mfundo yakuti anazunzidwa koopsa ndi magulu a zida omwe boma la Sudan linkawathandiza kapena kuwalekerera, ndiponso kuti kuwabwezera ku Darfur kukanakhala kuwapereka m'manja mwa adani awo. Boma la Britain linkangoti Sudan ndi dziko lalikulu, amunawa akhoza kukakhala ku Khartoum, likulu la dzikolo. Oweruza onse asanu anagamula mokomera boma. Patangopita zaka ziwiri, boma lomwelo linaisiya lokha mfundo ija.

Chigamulo cha khothi ndi cholembedwa ngati china chilichonse. Chili ndi mawu amene chasankha, mafunso amene chafunsa ndi ena amene chawalambalala, choncho tikhoza kuchiwerenga ndi diso lofufuza monga timachitira ndi buku. Ichi n'choyenera kuchiwerenganso chifukwa mpaka lero chimatchulidwa pa mfundo yakuti makhothi aakulu azilemekeza zimene mabwalo aang'ono oona za othawa kwawo apeza. Komanso zigamulo za ku England sizithera ku London. Maloya a ku Blantyre ndi ku Lusaka amaziwerenga ndi kuzitchula, ngakhale kuti sizimanga makhothi athu. Chimene chikuoneka munthu akachiwerenga modekha n'chakuti mlandu wa mtundu wa anthu unasanduka mlandu wa mapu ndi umphawi, ndipo pofika ku khothi lapamwamba, funso lenileni linali litagwera m'njira.

Tiyambe ndi lamulo. Pangano la mayiko lokhudza othawa kwawo linasainidwa ku Geneva mu 1951 n'kukulitsidwa mu 1967. Limati wothawa kwawo ndi munthu amene ali kunja kwa dziko lake chifukwa cha mantha omveka akuti adzazunzidwa pa chimodzi mwa zifukwa zisanu: mtundu, chipembedzo, dziko lochokera, gulu la anthu limene alimo, kapena maganizo ake pa ndale. M'panganomo mulibe mawu olamula kuti munthu ayambe wayesa chigawo china cha dziko lake asanawoloke malire. Mfundo imeneyo inabadwa pambuyo pake m'maofesi a boma ndi m'makhothi, pamene anthu anayamba kunena kuti ngati dziko lingamuteteze munthu kum'mawa ngakhale lalephera kumadzulo, ndiye kuti chitetezo chilipo. Bungwe la UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, linachenjeza kale m'buku lake la malangizo la 1979 kuti pa mikangano ya mitundu, munthu asakanidwe chabe chifukwa akanatha kuthawira kwina m'dziko lake, ngati kumuyembekezera kutero sikukanakhala kwanzeru.

Nkhondo ya ku Darfur inakula mu 2003, magulu awiri oukira boma atayamba kuthira nkhondo asilikali. Boma la Omar al-Bashir linayankha popereka zida kwa magulu otchedwa Janjaweed, amene ambiri mwa anthu ake ankachokera m'mafuko ena a Aluya, kapena kuti Aarabu. Midzi ya anthu a mitundu ya Fur, Masalit ndi Zaghawa inatenthedwa, ziweto zinalandidwa, amayi anagwiriridwa. Kawirikawiri ndege za boma zinkayamba zaponya mabomba, okwera pa mahatchi ndi ngamila n'kubwera pambuyo. Anthu oposa 2 miliyoni anasiya midzi yawo. Mu Seputembala 2004 a Colin Powell, nduna ya zakunja ya America, ananena poyera kuti kumeneku kunali kupulula mtundu wa anthu, ndipo mu Malichi 2005 United Nations inapereka nkhaniyi ku khothi la milandu ikuluikulu la ICC ku The Hague.

Amuna atatu aja anafika ku House of Lords kawiri. Ulendo woyamba unali mu Febuluwale 2006, pa mlandu wodziwika ndi dzina la Januzi, pamene a Lord Bingham anakhazikitsa muyeso: woweruza aone zonse zokhudza munthuyo ndi dziko lake, kenako afunse ngati n'kwanzeru kumuyembekezera kukakhala kumalo atsopanowo kapena kungakhale kumuchitira nkhanza zopyola muyeso. Anakana kuti moyo wa kumeneko uyerekezedwe ndi wa ku Britain. Anakananso kuika lamulo lakuti wozunza akakhala boma ndiye kuti kothawira m'dzikomo kulibiretu, koma anavomereza kuti wozunzayo akakhala pafupi ndi boma, ndipo bomalo likakhala ndi mphamvu m'dziko lonse, m'pamenenso wozunzidwa amakhala pangozi kulikonse kumene angapite. Atatero anabweza milandu itatuyo ku bwalo laling'ono la Asylum and Immigration Tribunal kuti likaione bwino.

Bwaloli linaimva chaka chomwecho, pa mlandu wotchedwa HGMO. Linawerenga malipoti ambiri, linamva akatswiri odziwa za Sudan, ndipo zina mwa zimene akatswiriwo ananena silinazikhulupirire. Linapeza zinthu ziwiri. Choyamba, munthu wa ku Darfur sakhala pangozi yeniyeni ku Khartoum chifukwa cha mtundu wake wokha, pokhapokha ngati pali china chomwe chingachititse boma kumuyang'anitsitsa. Chachiwiri, ngakhale atakathera mu umodzi wa misasa yozungulira mzindawo kapena m'zisakasa za m'mphepete mwake, sikungakhale kumuchitira nkhanza zopyola muyeso. Misasa yovomerezeka ndi boma inalipo inayi: Mayo, Jebel Aulia, Wad el Bashir ndi Omdurman es Salaam. Ambiri mwa okhalamo anali othawa nkhondo ya kummwera kwa Sudan. Bwalolo silinabise kuti moyo wa kumeneko unali woipa, ndiponso kuti nthawi ndi nthawi aboma ankagumula nyumba za anthu n'kuwasamutsa mokakamiza. Linangoti mavuto amenewa ndi omwe Asudani ena ambiri akukhala nawo.

Mu Epulo 2007 khothi la apilo linathetsa gawo lachiwiri la chigamulocho. A Lord Justice Buxton anaona kuti mlimi wa kumudzi, amene moyo wake wonse wadalira munda ndi ziweto, akatayidwa m'zisakasa za mumzinda amakhala atalandidwa moyo wokhawo umene amaudziwa, ndipo kumuyerekezera ndi anthu ena ovutika m'dzikomo ndi kulakwitsa muyeso. Koma gawo loyamba, lakuti ku Khartoum kulibe ngozi ya kuzunzidwa, khothilo silinalikhudze. Boma linachita apilo pa gawo limene linagonja, amuna atatuwo sanachite apilo pa gawo limene iwo anagonja, ndipo mlandu unakwera ulendo wachiwiri uli ndi funso limodzi lokha.

Apa tiyenera kudziwa malire a khothi lounika chigamulo cha anzake. Khothi lotere silimvanso mboni, ndipo silifunsa ngati likanagamula chimodzimodzi. Limangofunsa ngati woweruza woyamba anamvetsa lamulo, ngati anaganizira zonse zofunika, ngati anapereka zifukwa zomveka, ndiponso ngati mapeto ake si opanda nzeru kotheratu. Maloya amaitcha ntchito imeneyi judicial review pamene khothi likuunika zimene ofesi ya boma yachita. Mlandu wa AH unakwera ngati apilo ya pa mfundo ya lamulo, koma mpanda wake ndi womwewo: zimene bwalo laling'ono lapeza pa umboni zimakhala choncho, pokhapokha litaphonya lamulo.

M'kati mwa mpanda umenewu, a Lord Bingham anati palibe lamulo lokakamiza woweruza kuyerekezera moyo wa kumalo atsopano ndi wa kumudzi kokha, kapena ndi wa dziko lonse kokha. Zonsezo n'zofunika kuziona, ndipo m'maganizo mwawo bwalo laling'ono silinaphonye. A Lord Brown anapita patsogolo pang'ono. Anati pangano la 1951 silinalembedwe kuti lithandize aliyense wovutika, ndipo ngati gawo looneka la anthu m'dzikomo likupirira mavuto ofanana ndi amene wopemphayo akakumane nawo, iyenso n'kukhala ndi mphamvu zopirira monga anzake, kumukana chitetezo kukhoza kukhala koyenera.

Sitingakane kuti muli nzeru m'mawu amenewa. Umphawi pawokha si chifukwa chopatsira munthu chitetezo cha wothawa kwawo, ndipo khomo limeneli litatsegukira aliyense wosauka, ozunzidwa enieni ndiwo angataye malo awo. N'zoonanso kuti oweruza a bwalo laling'ono amaona mboni ndi maso, amawerenga milumilu ya mapepala, ndipo amagwira milandu yotere tsiku ndi tsiku. Khothi lalikulu likamangosintha chilichonse chimene sililikonda, milandu siidzatha, ndipo opempha chitetezo adzakhala zaka zambiri osadziwa tsogolo lawo. Ulemu kwa bwalo laling'ono uli ndi malo ake. Vuto la chigamulochi lili pa kumene ulemuwo unafika.

Cholakwika choyamba chili pa muyeso. Munthu akayezedwa ndi mavuto a anzake, ndiye kuti dziko likaipiraipira m'pamenenso kumubweza kumaphweka. Zili ngati kuuza wodwala kuti ali bwino chifukwa m'chipatalamo muli ena odwalitsitsa. Ndipo pa nkhani ya Sudan tifunse kuti anthu ovutika aja, amene anasanduka muyeso, anafika bwanji m'misasamo. Ambiri anathamangitsidwa kwawo ndi nkhondo imene maboma a ku Khartoum ankamenya kummwera, ndipo amene ankagumula zisakasa zawo anali boma lomwelo. Tanthauzo lake n'lakuti boma limene lazunza kale gulu limodzi la anthu limakhala latsitsa muyeso woyezera gulu lotsatira. Lamulo limene linalembedwa kuti liteteze anthu ku boma lankhanza linapezeka likugwiritsa ntchito zotsatira za nkhanzazo ngati sikelo yake.

Chodabwitsa n'chakuti mmodzi mwa oweruza asanuwo anaziona bwino zimenezi n'kuzilemba. A Baroness Hale anati bwalo laling'ono silinayerekezere amunawa ndi moyo wawo wa ku Darfur nkhondo isanafike, kapena ndi moyo wa Msudani wamba, ngakhalenso ndi moyo wa osauka a m'dzikomo. Linawayerekezera ndi osaukitsitsa mwa osauka onse, anthu othamangitsidwa ndi nkhondo okhala m'misasa ndi m'zisakasa. Ananena mosabisa kuti kumeneko si kumuona munthu payekha ndi zonse zomuzungulira, monga lamulo limafunira. Wowerenga akafika pa ndime imeneyi amayembekezera kuti mayiwa aima ndi khothi la apilo. Koma ndime zotsatira zikutembenuka. Iwo anati ili ndi bwalo la akatswiri, logwira ntchito yovuta m'nyengo yovuta, ndipo zigamulo zake zizilemekezedwa pokhapokha zitaonekeratu kuti lasochera pa lamulo. Anavutika kukhulupirira kuti bwalo lodziwa ntchito chotero likanasokoneza miyeso, ndipo anagwirizana ndi anzawo.

Ndime ya ulemu ija ndi imene maloya amaitchula kawirikawiri. Ndime yodzudzula imene ili pamwamba pake imatchulidwa mwa apo ndi apo. Koma tikaziika pamodzi ziwirizi, zikutionetsa woweruza amene waona cholakwika ndi maso ake, wachitchula dzina, kenako n'kuchikhululukira chifukwa cha mbiri yabwino ya amene anachichita. Pamene mawu a bwalo laling'ono akanatha kumveka m'njira ziwiri, khothi lalikulu linasankha njira yolikomera bwalolo. Zaka makumi awiri m'mbuyomo, mu 1987, khothi lomweli linanena zina pa mlandu wa Bugdaycay. Pamenepo a Lord Bridge anati ngati moyo wa munthu uli pachiswe, khothi liyenera kuunika chigamulo mosamalitsa kuposa nthawi ina iliyonse. Mfundo ziwirizi zikakumana, imodzi iyenera kupatukira inzake, ndipo mu 2007 imene inapatuka ndi yoteteza moyo.

Cholakwika chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba, ngakhale kuti sitingachisenzetse oweruza asanuwo okha. Mlandu ukamakwera, funso limanka lichepa. Pansi penipeni munthu amafotokoza mmene mudzi wake unapserera ndi chifukwa chake anasankhidwa. Ku bwalo laling'ono nkhaniyo imagawidwa pawiri, ngozi payokha ndi mavuto a moyo paokha. Ku khothi la apilo gawo limodzi limatsekedwa. Pofika pamwamba, oweruza akukambirana ngati ndime ina ya chigamulo cha anzawo inalembedwa bwino. Pa sitepe iliyonse palibe amene waphwanya lamulo, komabe pamapeto pake mlandu umene unayamba chifukwa cha mtundu ukugamulidwa ngati nkhani ya madzi, ntchito ndi nyumba za m'misasa. M'chigamulo cha 2007 mtundu wa amunawa ukutchulidwa kumayambiriro ngati mbiri yakale, ngati chinthu chimene chinatsala ku Darfur pamodzi ndi midzi yopsa.

Aliyense amene anakulira m'dziko la mitundu yambiri amadziwa kuti mtundu suutsala kumudzi. Umayenda ndi munthu m'dzina lake, m'kalankhulidwe kake, m'dzina la mudzi wolembedwa pa chiphaso chake, ndi mwa anthu amene angamulandire akafika m'tauni. Anthu a mitundu ya Fur, Masalit ndi Zaghawa ali ndi zilankhulo zawozawo, ndipo Chiarabu cha ku Darfur chimamveka mosiyana ndi cha ku Khartoum. Wobwezedwa kuchokera ku Ulaya sakalowa mumzinda mwakachetechete. Amatsikira pa bwalo la ndege, pamaso pa achitetezo a boma lomwe linapereka zida kwa omwe anatentha mudzi wake. Chigawenga cha m'dera limodzi munthu akhoza kuchithawa posamuka. Koma kumuuza kuti athawe boma posamukira ku likulu la bomalo kumafuna umboni wamphamvu kwambiri, ndipo a Lord Bingham okha anali atazindikira zimenezi mu 2006.

Zimene zinatsatira sizinachedwe. Mlandu uli m'kati, bungwe la Aegis Trust linatulutsa umboni wa anthu a ku Darfur amene ananena kuti anazunzidwa ku Khartoum atabwezedwa kuchokera ku Britain, koma pokhala umboni watsopano, sukanasintha apilo yongoona za lamulo. Pa 10 Meyi 2008 gulu loukira la JEM linathira nkhondo Omdurman, mzinda woyang'anizana ndi Khartoum kutsidya kwa mtsinje wa Nile. Achitetezo anayankha pogwira anthu a ku Darfur mazanamazana m'misewu, m'mabasi ndi m'nyumba, makamaka a mtundu wa Zaghawa, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu analemba kuti ambiri ankagwidwa chifukwa cha maonekedwe ndi kalankhulidwe. Mu Malichi 2009 khothi la ICC linatulutsa chikalata chomangira a al-Bashir, ndipo boma lawo linathamangitsa mabungwe 13 akunja othandiza anthu. Chakumapeto kwa chaka chomwecho unduna wa Home Office unasintha malangizo ake, ndipo pa mlandu wa AA bwalo laling'ono lija linalengeza kuti anthu onse a ku Darfur amene si Aluya ali pangozi kwawo ndipo sangayembekezeredwe kusamukira kwina m'Sudan.

Wina akhoza kunena kuti n'kosavuta kuweruza oweruza zinthu zitachitika kale, pakuti palibe amene akanadziwa za Meyi 2008 ali mu Novembala 2007. Zoonadi, khothi si mlosi. Koma tiyeni tione zimene zinali pa tebulo kale panthawiyo. Mu Febuluwale 2006 bungwe la UNHCR linali litalemba kuti anthu a ku Darfur amene si Aluya alibe kothawira m'Sudan, ndipo bungweli linaloledwa kulankhula pa mlandu wa AH womwewo. Mu 2007, miyezi ingapo chigamulo chisanaperekedwe, khothi la ICC linali litatulutsa chikalata chomangira a Ahmad Harun pa milandu ya ku Darfur. Panthawiyo a Harun anali nduna mu unduna woona za thandizo kwa anthu ovutika, kuphatikizapo othamangitsidwa m'midzi mwawo. Chimene chinasintha mu 2008 ndi tsiku limene boma linaganiza zogwira anthu. Mphamvu yowagwira, njira yowazindikirira ndi maganizo ake pa mitundu imeneyi zinalipo kale. Lamulo la othawa kwawo limafunsa za ngozi yomveka ya m'tsogolo, ndipo bata limene likudalira kuti wozunzayo sanakwiye lero ndi bata losalimba.

Mawu amene anasowa mu 2007 anadzalembedwa mu 2015. Pa mlandu wa MM, bwalo la Upper Tribunal, lomwe linalowa m'malo mwa lakale lija, linafunsidwa ngati munthu wa mtundu wa ku Darfur amene sanabadwire ku Darfur akutetezedwanso. Linayankha kuti mawu akuti wa ku Darfur amveke monga onena za mtundu ndi kumene makolo anachokera, osati za malo a pa mapu. Imeneyi ndi mfundo imene mayi aliyense wogulitsa tiyi m'misewu ya Khartoum akanatha kuinena mosaganiza kawiri. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amuna amene anathawa anali kudziwa chimene chinkawatsata, koma panapita zaka zoposa khumi kuchokera pamene anafika ku Britain kuti makhothi alembe poyera kuti chinthucho sichizindikira malire a zigawo.

Kulakwitsa kwa mtundu umenewu sikugwera munthu mmodzi. Ku Britain zigamulo zina za bwalo laling'ono zimasankhidwa kukhala malangizo a dziko limene zikunena, ndipo oweruza ena amayenera kuzitsatira pokhapokha patapezeka umboni wamphamvu watsopano. Chigamulo cha HGMO chinali chotero. Kuyambira 2006 mpaka 2009 chinali muyeso wa aliyense wa ku Darfur wopempha chitetezo m'dzikomo. Chigamulo chikamanga anthu ambiri chonchi, chimafunika diso lakuthwa kuposa la mlandu wa munthu mmodzi. Koma zinthu zakhala zikulowera kwina. Mu 2011, pa mlandu wa Cart, khothi la Supreme Court linasiya kakhomo kakang'ono kounikira zigamulo za Upper Tribunal pamene lakana chilolezo cha apilo. Mu 2022 nyumba ya malamulo inakatseka kakhomoko, kusiyapo pa zifukwa zochepa kwambiri.

Kuno kwathu lamulo linalembedwa mosiyana, ndipo kusiyanako kukukhudza ndendende funso la AH. Pangano la bungwe la OAU la 1969 linawonjezera kuti wothawa kwawo ndi munthunso amene wakakamizika kuchoka chifukwa cha nkhondo kapena chisokonezo chachikulu m'gawo lina la dziko lake kapena m'dziko lonse. Mawu akuti m'gawo lina ndi ofunika kwambiri, moti mu 2003 bungwe la UNHCR linanena kuti pansi pa tanthauzo limeneli funso la kusamukira kwina m'dzikomo silibuka n'komwe. Lamulo la Malawi la 1989 ndi la South Africa la 1998 anatenga tanthauzo lomweli. Olemba pangano la 1969 ankadziwa kuti malire a mayiko athu anadula mitundu pakati, ndipo kwa munthu wa m'malire, likulu la dziko lake likhoza kukhala lachilendo kuposa mudzi wa kutsidya. Umu ndi mmene anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique analandiridwira m'Malawi pa nthawi ya nkhondo, popanda wowafunsa chifukwa chake sanapite ku Maputo.

Izi sizikutipatsa mpata wodzitama. Muyeso wa osaukitsitsa umapezekanso m'maganizo athu. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, unafika posunga oposa 50,000, ndipo mu 2023 boma linakakamiza othawa kwawo amene ankakhala m'matauni kubwerera kumeneko. Mawu akuti ena akukhala momwemo, iyenso akhoza, amamveka mofanana kaya anenedwa ku London kapena ku Lilongwe. Tsiku limene loya adzaime m'khothi lathu n'kutchula ndime ya ulemu ya a Baroness Hale pofuna kuti woweruza asakhudze zimene komiti ya boma yagamula, woweruzayo adzachita bwino kupempha kuti ndime ya pamwamba pake iwerengedwenso.

Pa 15 Epulo 2023 nkhondo inabuka m'kati mwa Khartoum momwemo, pakati pa asilikali a boma ndi gulu la RSF, lomwe linachokera ku Janjaweed. Chaka chomwecho anthu a mtundu wa Masalit anaphedwa mwaunyinji ku El Geneina, ndipo mu Januwale 2025 America inanenanso kuti ku Darfur kukuchitika kupulula mtundu. Zimenezi sizikutsutsa chigamulo cha 2007 pa lamulo, pakuti khothi limaweruza ndi zimene lili nazo tsikulo. Zikungotikumbutsa kuti amene amalipira kulakwitsa kwa mlandu wotere si woweruza. Woweruza akalakwitsa mokomera wopempha, dziko limasunga munthu mmodzi amene mwina akanatha kubwerera. Akalakwitsa mokomera boma, sipakhala apilo yomubweretsanso munthuyo.

Choncho khothi lounika chigamulo siliyenera kusanduka bwalo lomvanso mboni, koma lili ndi mafunso atatu amene ali m'kati mwa mpanda wake ndipo siliyenera kuwasiyira wina. Kodi bwalo laling'ono linafunsa ngati munthuyu adzazindikirika kumalo kumene akutumizidwa? Kodi linafunsa kuti wolamula kumeneko ndani, ndipo ali pa ubale wanji ndi amene anamuzunza? Kodi linamuyeza ndi moyo umene munthu angaupirire, kapena ndi moyo wa anthu amene boma lomwelo linawawononga kale? Bwalo likadumpha limodzi mwa mafunso amenewa, laphonya lamulo, ngakhale oweruza ake akhale odziwa ntchito chotani. Pa mlandu wa AH, funso lachitatu linaonedwa n'kukhululukidwa, ndipo awiri oyambawo sanafike n'komwe pamaso pa oweruza asanu aja.